Ntchito ya Nyama Ikakusiyirani Bala Mumtima: Momwe Mungapezere Thandizo mu Blantyre

Anthu ogwira ntchito ndi nyama mu Blantyre muno ndi ambiri. Alipo alangizi a ziweto oyenda pa njinga yamoto m'makola a ku Lunzu, Mpemba ndi Chileka, anyamata ogwira agalu pa nyengo ya katemera wa chiwewe, ophera ng'ombe ndi mbuzi, alimi a ng'ombe za mkaka, amayi oweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Machinjiri, alonda oyenda ndi agalu usiku, komanso oteteza nyama za kutchire ku Michiru ndi ku Majete amene mabanja awo ali mu tauni muno. Maso awo amaona zimene ambirife sitiona: galu wogundidwa ndi minibasi akukwawa ndi miyendo yakutsogolo yokha, khola lonse la nkhumba litatha m'masiku owerengeka, mwana wolumidwa ndi galu wachiwewe amene anafika mochedwa kuchipatala. Ena mwa iwo ndi amene amamalizitsa nyamayo ndi manja awo, chifukwa ndiyo ntchito imene analembedwera.

Akafika kunyumba n'kunena kuti sakupeza tulo, amangouzidwa kuti, "Inali nyama chabe, limbani mtima achimwene." Mawu amenewa achedwetsa anthu ambiri kupita kuchipatala, ndipo ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Munthu wokhalira kuona magazi ndi imfa amavulala m'maganizo, ndipo bala limeneli lili ndi chithandizo. Mu Blantyre chithandizocho chilipo, chambiri n'chaulere, koma khomo lake silionekera patali. Nayi njira yake.

Choyamba: thanani ndi zimene sizingadikire mawa

Ngati mwalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, mphaka kapena nyama ina imene simukudziwa ngati inabayidwa katemera, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse katemera wa chiwewe. Zizindikiro za chiwewe zikangoonekera mwa munthu, chomuchiza palibe. Nkhaniyi ndaiika patsogolo chifukwa mantha ambiri a ogwira agalu amayambira apa. Munthu amatha miyezi akudzimvetsera m'thupi, akamamwa madzi n'kumafufuza ngati akutsika bwino pakhosi. Mantha otere sachoka ndi mawu olimbikitsa. Amayamba kutsika munthu akamaliza jekeseni zonse zimene anauzidwa. Kuyambira 2015, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi BSPCA, bungwe losamalira nyama la mu Blantyre, akhala akubaya agalu mumzinda uno chaka ndi chaka, ndipo ulendo woyamba wokha anabaya agalu oposa 35,000. Kuseri kwa chiwerengero chimenecho kuli manja a anthu amene anagwira agalu aja mmodzimmodzi. Ngati ntchito yanu ndi yotere, funsani abwana anu za katemera wolandiriratu musanalumidwe, amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kwa ogwira ntchito ndi nyama.

Chinanso chosadikira ndi ichi. Ngati maganizo ofuna kudzipha akukubwererani, ngakhale mwa apo ndi apo, lero lomwe chotsani mankhwala m'manja mwanu. Ogwira ntchito ya ziweto amakhala pafupi ndi mankhwala a dibi, opopera m'khola ndi ogonetsera nyama. Tsekerani zonse m'kabati, kiyi mupereke kwa mnzanu wa kuntchito, kwa akunyumba kwanu kapena kwa abwana. Kafukufuku wa ku America ndi ku Britain anapeza kuti madokotala a nyama amadzipha kwambiri poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'kukhala pafupi ndi mankhwala otere. Maganizowa amabwera mwamphamvu kenako n'kutsika, ndipo nthawi zambiri chimene chimapulumutsa munthu n'chakuti pa ola loipalo mankhwala anali patali. Musagone nokha usiku umenewo. Pezani wokuperekezani ku chipatala chachikulu cha Queens, ku chigawo cha AETC kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi usana ndi usiku, ndipo mukafika nenani mosabisa kuti mukuganiza zochotsa moyo wanu.

Chachiwiri: zindikirani chimene chikukuvutani

Masiku oyamba chichitikireni choopsa, kusowa tulo, kudzidzimuka, kusafuna chakudya ndi kulira si zachilendo. Ambiri zimawathera zokha pakapita masabata angapo. Koma mwezi ukatha zikupitirirabe, kapena zikukulirakulira, pamenepo pakufunika thandizo.

Dziyang'aneni bwino. Kodi zimene zinachitikazo zimabweranso m'maso mwanu masana, ngati zikuchitika pompano? Kodi mumalota zomwezomwezo n'kudzuka thukuta lili kamukamu? Fungo la dibi, fungo la magazi kapena kulira kwa mbuzi yomangidwa pa njinga kumakugunditsani mtima? Mwayamba kulambalala njira ina, khola lina, kapena kupeza zifukwa zojombera kuntchito? Mukupsa mtima msanga ndi ana? Ena sakwiya, amangouma mtima, osasangalala ndi chilichonse, ngakhale mpira umene ankaukonda. Zizindikiro izi zikakhala pamodzi kopitirira mwezi, madokotala amazitchula kuti PTSD. Zimatha kuyamba patapita miyezi, munthu ataganiza kale kuti zinadutsa, ngati munga wothyokera m'phazi: khungu limatseka bwinobwino koma munthu akuyendabe motsimphina.

Kwa ena chimayambitsa ndi ngozi imodzi: kugundidwa ndi nkhunzi m'khola, kugwetsedwa ndi galu wolusa, kukumana ndi njati kapena opha nyama mozembera ali ndi mfuti. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anasiya bala la mtundu wake. Matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa m'chigawo chino cha kummwera, panalinso ziweto zambirimbiri zimene zinapita ndi madzi. Woweta amene anaona mbuzi zake zikukokoloka sakanatha kudandaula poyera, pamene mnansi wake akufukula mwana m'matope. Anameza chisoni chake poona kuti n'chochepa. Chisoni chomezedwa chotero sichitha chokha, ndipo nachonso ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala.

Kwa ena palibe tsiku limodzi limene angaloze. Ndi zaka zoona nyama zikuvutika, mpaka mtima kutoperatu. Munthu amene anayamba ntchito chifukwa chokonda nyama amadzipeza akukankha galu ndi phazi, kenako n'kudzida yekha.

Koma chimene chimadya anthu kwambiri pa ntchitoyi ndi kudziimba mlandu. Taganizirani mlangizi amene wafika pakhomo n'kupeza nkhumba zitaunjikana pakona, makutu ndi kunsi kwa mimba kutafiira, madeya a dzulo ali chikhalire m'chodyera. Akudziwa kuti chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala. Ayenera kuuza mayi amene anakongola ndalama ku banki m'khonde kuti nyamayo asagulitse, akumbe dzenje lakuya akwirire. Mayiyo amugwira mkono, akuti, "Alangizi, ndikabweza chiyani Loweruka?" Mlangiziyo wachita zoyenera, wateteza makola a mudzi wonse, koma usiku akumva liwu la mayi uja. N'chimodzimodzi ndi amene wagonetsa galu, kutanthauza kumupha ndi jekeseni, woti akanachira mwiniwake akanakhala ndi ndalama, kapena woweta amene chitopa chamuthera nkhuku ndipo sakudzikhululukira poti anazengereza katemera. Mukakumana ndi phungu wothandiza pa za maganizo, mbali iyi musaisiye kunyumba. Nthawi zambiri muzu wa vuto umakhala pomwepa.

Chachitatu: uzani munthu mmodzi

Mmodzi yekha ndi wokwanira poyamba. Sankhani wosunga chinsinsi, amene sathamangira kuseka kapena kulalikira. Mnzanu wa ntchito yomweyo amamva msanga chifukwa fungo la khola amalidziwa. Simukuyenera kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndipo wina asakukakamizeni kutero musanakonzeke. Mungathe kungonena kuti, "Achimwene, chichitikireni za galu uja sindikugona. Ndikupempha mundiperekeze kuchipatala Lachiwiri." Pempho lokhala ndi tsiku limavuta kulizengereza.

Akunyumba nawo auzeni, chifukwa ndi amene akulandira ukali wanu osadziwa kumene ukuchokera. "Mayi, mukamaona ndikukalipa, si inu mwalakwa. Pali zimene ndinaona kuntchito zimene zikundisautsa, ndipo ndikufuna kukaonana ndi adokotala." Mawu ochepa amenewa amachotsa kukayikirana kumene kwasokoneza mabanja ambiri. Abambo ambiri anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo ntchito ya ziweto yadzaza ndi abambo. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kumawafikitsa ku mowa.

Chachinayi: konzekerani, kenako pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko

Apa ndi pamene ambiri amaphonyera thandizo atafika kale pakhomo pake, choncho ndikhalitsapo.

Usiku woti mawa mukupita, tengani pepala mulembe zinthu izi mwachidule: ntchito imene mumagwira, chimene chinachitika ndi mwezi wake, zizindikiro zimene mukuona, maola amene mukugona, mowa kapena chamba ngati mukugwiritsa ntchito, mankhwala ena alionse amene mukumwa, ndiponso ngati maganizo odzipha anabwerapo. Pepalalo liikeni m'kabuku kanu ka kuchipatala. Lawirirani, chifukwa mzere umatalika dzuwa likamakwera. Pitani ku chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena South Lunzu. Kumeneko simulipira.

Adokotala a m'zipatala zimenezi amaona anthu ochuluka pa tsiku, ndipo mphindi zanu zimakhala zochepa. Ambirife tikakhala pa mpando uja timayamba ndi thupi: "Mutu ukundipweteka, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya." Zonsezo ndi zoona, koma mukalekera pomwepo adzakuyezani malungo ndi BP, kukupatsani Panado, inu n'kubwerera kunyumba ndi katundu yemwe uja. Yambani ndi chenicheni. Mwachitsanzo:

"Adokotala, ine ndimagwira ntchito yopha ng'ombe. Miyezi itatu yapitayo mnzanga anavulazidwa ndi ng'ombe ine ndikuona. Kuyambira pamenepo ndikulota zomwezo, sindikugona, ndipo ndikuopa kulowa kuntchito. Ndikupempha kuonana ndi anamwino oona za matenda a maganizo."

Ngati pakamwa pauma, ingoperekani pepala lija awerenge okha. Chiganizo chomalizacho n'chofunika kwambiri. Boma lili ndi anamwino ndi madokotala ena amene anaphunzira mwapadera za matenda a maganizo, ndipo m'zipatala zing'onozing'ono amaonera odwala pa masiku oikika. Funsani tsiku lake, mulilembe m'kabuku. Mukauzidwa kuti palibe, pemphani kalata yokutumizani ku Queens.

Kuyezedwa m'thupi musakukane. Tchulani ntchito yanu momveka, chifukwa pali matenda ochokera ku ziweto, monga brucellosis ndi TB ya ng'ombe, amene amagwira ophera nyama ndi okama mkaka, ndipo amabweretsa kufooka, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri, matenda a m'thupi ndi bala la m'maganizo, ndipo chilichonse chimafuna chithandizo chake.

Chachisanu: ku Queens ndi makomo ena

Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth pali kiliniki ya matenda a maganizo imene anthu amaidziwa kuti Room 6. Odwala amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Tengani kalata yanu, kabuku kanu ndi wokuperekezani, ndipo mukalowa pageti funsani njira, chifukwa makonde a chipatalachi ndi ambiri. Pafupi pomwepo pali sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, imene imaphunzitsa madokotala a matenda a maganizo, choncho akatswiri ochepa amene dziko lino lili nawo ena mwa iwo amapezeka mu Blantyre momwemuno.

Ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo awatumiza ku Zomba. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha odwala amene akufunika kugonekedwa, ndipo munthu wovutika ndi maloto oipa, nkhawa kapena kukhumudwa nthawi zambiri amathandizidwa akugona kunyumba kwake ndi kupita kuntchito. Ngakhale zitafika pogonekedwa, ndi chipatala ngati china chilichonse, anthu amachira n'kutuluka.

Amene ntchito imawafikitsa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu adziwe kuti a St John of God ali ndi zipatala za matenda a maganizo m'mizinda iwiriyi. Mu Blantyre mulinso aphungu ndi akatswiri olipiritsa. Musanalipire, funsani kumene anaphunzira, ngati analembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito yawo monga Medical Council of Malawi, ndiponso ngati anathandizapo anthu amene anaona zoopsa. Phungu weniweni sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Ngati muli pa sikimu yolipirira kuchipatala ya MASM kapena ina ya kuntchito, funsani kaye chimene imalipira. Pamene mwasowa poyambira, Chipatala cha pa Foni, pa nambala yaulere ya 929, chimapereka malangizo a zaumoyo ndi kulozera anthu kopita. Foni siilowa m'malo mokumana ndi dokotala maso ndi maso, koma imathandiza kuti phazi loyamba liponyedwe.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani chithandizo chimene mukupita kukalandira

Chithandizo chachikulu cha bala lotere ndi kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa, osati kamodzi kokha koma maulendo angapo. Njira zimene bungwe la WHO limavomereza pa PTSD ndi CBT yolunjika pa choopsa chimene munthu anakumana nacho, ndi ina yotchedwa EMDR, imene munthu amakumbukira choopsacho akuyendetsa maso uku ndi uku motsogozedwa ndi phungu. Mu CBT, phungu amakuthandizani kubwerera ku nkhani ija pang'onopang'ono muli pamalo otetezeka, mpaka kuikumbukira kusiye kukugwedezani thupi lonse. Amakuthandizaninso kuunika maganizo monga akuti "ndine wakupha" kapena "ndikanafulumira sizikanachitika", kuti muone ngati alidi oona. Masabata oyamba mungamve ngati zikuipiraipira, popeza mukukhudza chimene munkachithawa. Muuzeni phunguyo, musangosiya kupita.

Ngati phungu sadziwa ntchito ya nyama, mphunzitseni. Mufotokozereni momwe tsiku lanu limayendera, kuti ng'ombe imagwetsedwa bwanji, galu amagwiridwa bwanji ndi ukonde. Akanena mawu opeputsa, muuzeni mwaulemu kuti, "Asisi, kwa ine nkhaniyi ndi yaikulu, n'chifukwa chake ndabwera." Zikapitirira, muli ndi ufulu wopempha kuonana ndi wina.

Mankhwala amaperekedwa makamaka pamene pali kukhumudwa kwakukulu kapena pamene uphungu wokha sukukwanira. M'zipatala za boma amene amapezeka kawirikawiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo, kuti musinthe. Fluoxetine amatha kuchititsa nseru masiku oyamba. Amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, ndipo ichi n'chofunika kwa inu amene mumalowa m'khola la nkhunzi, kugwira mpeni kapena kuyendetsa njinga yamoto m'mamawa: auzeni adokotala za ntchito yanu asanalembe. Ngati maganizo odzipha analipo, mankhwalawa asunge ndi wachibale, azikupatsani a tsiku limenelo okha. Mukayamba kupeza bwino musasiye nokha, chifukwa amafunika kumwedwa miyezi ingapo munthu atachira, ndipo posiya amachepetsedwa pang'onopang'ono.

Chenjerani ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam ogula mwamseri. WHO imaletsa kuwagwiritsa ntchito pochiza mantha ndi kusowa tulo kobwera munthu atangokumana ndi choopsa. Amazolowereka msanga, ndipo bala lenileni amalisiya pomwepo.

Chachisanu ndi chiwiri: konzani za kuntchito

Simungachire bwino mukubwerera tsiku lililonse pamalo pomwe munavulalira popanda chosintha. Kusiyiratu ntchito mwaphuma nakonso si nzeru, popeza njala imabweretsa nkhawa zake, ndipo kuthawa kotheratu kumakulitsa mantha. Njira ya pakati ndiyo kupempha kusinthidwa kwa kanthawi. Wogonetsa nyama apite kolandirira kapena kobaya katemera, wopha ng'ombe apite kolongedza nyama, wogwira agalu akhale wolemba m'kaundula. Kenako muzibwerera pang'onopang'ono, mogwirizana ndi phungu wanu.

Kwa abwana simukuyenera kuulula zonse. "Bwana, ndikulandira chithandizo kuchipatala chifukwa cha ngozi ija, nayi kalata ya adokotala. Ndikupempha mundisinthe mbali kwa mwezi umodzi." Lamulo la Employment Act la 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro m'chaka, akaonetsa kalata ya dokotala. Ngati munavulalanso m'thupi muli pa ntchito, pali lamulo la Workers' Compensation Act, ndipo ofesi ya zantchito ndi imene imalongosola za chipepeso. Sungani makalata onse a kuchipatala.

Aganyu ndi oweta paokha alibe abwana owapempha, ndipo kwa iwo ndi kovuta kwambiri. Chimene chimathandiza ndi kugawana ntchito yolemetsa. Pa tsiku lokwirira ziweto kapena lopha, itanani mnzanu wa m'gulu la alimi, musakhale nokha ndi khasu. Magulu osonkhanitsa mkaka ndi makalabu a oweta amakumana kale kukambirana za mitengo ndi chakudya cha ziweto. Palibe choletsa kuti mliri ukadutsa akhalenso pansi kufunsana kuti aliyense ali bwanji.

Kwa inu oyang'anira anzanu ndili ndi pempho. Musamasiyire munthu mmodzi ntchito yogonetsa kapena kupha nyama chaka chonse poti iyeyo ndi wolimba mtima. Sinthanani. Mankhwala oopsa akhale otsekeredwa, otulutsidwa ndi anthu awiri ndi kulembedwa m'buku. Pakachitika ngozi, musamuumirize wovulalayo kufotokoza pagulu. Mufunseni payekha patapita masiku, ndipo mudzamufunsenso mwezi ukatha, pamene ena onse aiwala.

Pakati pa maulendo a kuchipatala

Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Abusa, ansembe kapena ashehe amene amamvetsa angakhale mzati wanu, makamaka pa nkhani yodziimba mlandu, imene mapiritsi sangaifike. Koma wina aliyense, kaya ndi wa mapemphero kapena sing'anga, akakuuzani kuti mutaye mankhwala kapena musiye kupita kuchipatala, musamumvere. Maloto obwerezabwereza a nyama imene munapha amaopsa, ndipo ena adzakuuzani kuti mwalodzedwa. Maloto otere ndi chizindikiro chodziwika bwino cha bala la m'maganizo, ndipo amachepa chithandizo chikamayenda.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa nkhawa imadzuka yokulirapo. Ngati mwafika pomwa tsiku lililonse mpaka manja kunjenjemera mukapanda kumwa, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa kutero kumatha kuyambitsa kukomoka. Auzeni adokotala akuthandizeni kusiya bwinobwino.

Mantha akakugwirani muli pa ntchito, tulukani m'khola kaye. Pondani pansi mwamphamvu, pumirani mkati pang'onopang'ono, ndipo potulutsa mpweya muchedwe kuposa polowetsa. Tchulani mumtima zinthu zimene mukuziona pamalopo, ndowa, chitseko, mtengo wa mango, kuti maganizo abwerere ku tsiku la lero. Mukaweruka, sambani ndi kusintha zovala musanakhale pansi ndi ana, ovololo ndi majombo zitsale panja. Idyani pa nthawi yake, yendani pansi, ndipo nthawi yogona ikhale imodzimodzi. Izi sizichiza pazokha, koma zimakusungani kufikira tsiku lokaonananso ndi phungu.

Ulendo woyamba ukapanda kuyenda bwino

Zimachitika kuti mwafika tsiku limene namwino wa matenda a maganizo kulibe, kapena mwakumana ndi wina wotopa amene sanakumvetsereni. Musaweruze chipatala chonse ndi tsiku limodzi. Funsani tsiku lina, bwererani ndi pepala lanu lija ndi wokuperekezani amene angalankhule pamene inu mwatopa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amadziwa masiku a makiliniki ndipo angakulozereni. Mukaphonya tsiku limene munapatsidwa, pitanibe sabata yotsatira, musachite manyazi. Mukapeza kuti mankhwala anu atha ku famase ya chipatala, musangobwerera kunyumba: bwererani kwa amene anakulemberani, akuuzeni ngati pali ena olowa m'malo kapena akulembereni pepala lokagulira ku famase yovomerezeka, ndipo muzipita kukatenga ena kutatsala sabata kuti amene muli nawo athe.